Galimoto Yanga Itadwala M'mimba

Iwe Misozi, dzulo unatsika minibasi ya ku Chipata tsinya lili pamphumi, ukuti mpando unali wouma ndipo kondakitala anakupanikiza ndi dengu la tomato. Ndinakumvera chisoni, mdzukulu wanga, koma chisoni changacho sichinapite patali. Unanyamuka m'mawa, dzuwa lisanalowe unali utabwerako, nsapato zili mbee. M'masiku athu munthu wopita ku Chipata ankatsanzika mudzi wonse, nkhuku zake n'kusiyira mlongo wake kuti azimusungira.

Senderani kuno nonse. Dalitso, foniyo ika m'thumba, sithawa. Ndikuuzeni za ulendo umodzi wa kumtunda umene unatsala pang'ono kufera pansi pa mtengo wa mvunguti, ku Malama kwa agogo anu aakazi.

Mukudziwa kuti ine si wa kuchigwa kuno. Ndinabadwira kuseri kwa mapiri, kumene kuli ng'ombe ndi mphepo yozizira, n'chifukwa chake mpaka lero ndikayankhula Chikunda mumagwetsana ndi phwete. Ndinatsika ndi njinga ndili mnyamata, kumbuyo nditamanga mchere, singano, mikanda ndi sopo wamtanda. Nthawi imeneyo tsidya lija la Luangwa sitinkati paki, tinkangoti ku Gemu. Mlatho kunalibe. Magalimoto a alendo ankawoloka pa pantuni, amuna akukoka chingwe uku akuyimba, mvuu zikuwayang'ana ngati akapitao. Pamene pali bwalo la ndege la Mfuwe lero panali tchire la mitengo ya tsanya, ndipo chotera pamenepo chinali makungubwe basi.

Malonda athu anali osinthana. Mchere ndinkasintha ndi nsomba zowamba, nsomba ndi mpunga, mpunga ndi fodya, fodya n'kubwereranso ku mchere, ndipo pa kusintha kulikonse kanthu kochepa kankatsalira m'manja mwanga. Dzina la Onjezani limene mumamva madala a kumsika akundiitana nalo si la ubatizo ayi. Munthu akandipatsa katundu ndinkamuyang'ana ngati wandilaula, n'kunena kuti, "Onjezani pang'ono." Ndinagulitsapo ambulera kwa sikauti wa ku Gemu mwezi wa Ogasiti, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo, iye n'kundithokoza.

Amene anandigonjetsa anali mmodzi yekha. Ku Malama, mtsikana wina dzina lake Esinati anandilanda singano zonse posinthana ndi lichero limodzi la mpunga, theka lake mankhusu. Ndinazindikira nditafika kale kutali. Ndili pa njingapo ndinaganiza kuti munthu wotere si bwino kumusiya mbali ya adani. Ndinabwerera, osati kukadandaula, koma kukafunsira. Ndiwo agogo anu amenewo, ndipo mpunga uja sanaonjezepo mpaka lero.

Ndinalowa chikamwini. Ana inu masiku ano mumakhala mpando umodzi ndi apongozi, mpaka kujambulana nawo pa foni mutagundanitsa mitu. Ife ayi. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana, sankadyera pamodzi, sankayankhulana maso ndi maso. Mukakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, ngakhale muli chitedze. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wako. Dzina lawo sindinalitchulepo ali moyo, ndipo sindiyamba lero.

Kwa apongozi anga mwambowu sunali wovuta kusunga, chifukwa ng'ala inali itaphimba maso onse awiri ine ndisanafike pamudzipo. Ankangozindikira kuti uku kwawala, uku kwada. Koma makutu! Ankadziwa nkhuku iliyonse ndi kulira kwake, ndipo ine ankandimva ndili kumtsinje. Manja awonso sankapuma. Ankaluka mphasa, ankayenga mafuta a nsatsi n'kumasunga m'nsupa, ndipo mwana aliyense wa pamudzipo, akauma khungu kapena akadzimbidwa, ankathera pa khonde lawo. Amalume anu a Yohane, amene nthawiyo anali wakhanda, ankanyezimira ngati mlamba.

Tsopano za galimoto. Mzungu wina wosakitsa alendo nyama ankasamuka, ndipo kuseri kwa kampu yake kunali chigalimoto chakale chimene nkhanga zinkagonamo. Ndinam'zungulira mwezi wathunthu. Pamapeto pake anatenga makina anga osokera, mbuzi zingapo, ndi lonjezo loti ndimupezera anthu omweta udzu. Ndinafika pamudzi ndikuliza hutala, chifuwa patsogolo, ndikuuza aliyense kuti ndapusitsa mzungu. Sabata isanathe ndinadziwa kuti wapusitsidwa ndani.

Anthu anaitcha Chipembere. Inu zipembere mumangoziona pa zithunzi, koma nthawi imeneyo zinalipo kuchigwa kuno, tinkakumana nazo popita kumunda. Galimoto yanga inali yotuwa, yaifupi, yosaona bwino, ndipo ikayamba liwiro sinkadziwa kukhota. Koma inkanyamula, ndipo inandichotsa pa njinga.

Nthenda yake inali imodzi: kutentha thupi. Injini imazizira ndi madzi, ana inu. Madziwo amazungulira m'kati mwa injini, n'kubwerera m'radiyeta, chitsulo chija cha timabowo tambirimbiri chimene chili kumphuno kwa galimoto, mphepo n'kuwaziziritsa. Ine ndinkathiramo madzi alionse amene ndawapeza, a m'dambo, a m'chithaphwi chimene njati zasambamo. Ndiye madzulo alionse ndikaiimika pansi pa mvunguti, pafupi ndi khonde la apongozi, inkayamba kulira m'mimba: gudugudu, gudugudu, nthunzi ili tolotolo. Ikaphwa pang'ono ndinkatsegula chivundikiro cha radiyeta ndi chiguduli, n'kuisiya kukamwa kuti izizire, mawa lake n'kuimwetsa madzi.

Chaka chimenecho, kumapeto kwa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, nyenje zikulira mpaka mutu kupweteka, mphunzitsi wa tchalitchi anabwera ndi uthenga. Kuchipatala cha mishoni kumtunda kwafika dokotala wa maso amene amachotsa ng'ala, koma akhala kanthawi kochepa, kenako abwerera kwawo. Esinati sanagone nawo uthengawo.

"Bambo a Yohane," anatero, "amayi sanamuonepo mwanayu. Amangomupapasa."

Sindinati onjezani. Ndinavomera pomwepo.

Koma yang'anani mmene zinthu zinalili. Mitambo inali itayamba kuunjikana madzulo alionse cha kumapiri. Inu mwabadwira pa tala, simudziwa makande. Dothi lakuda lija mvula ikangoligwera kamodzi kokha, limagwira matayala ngati ulimbo, mitsinje n'kudzaza, Malama n'kutsekeka mpaka Pasaka atapita. Tikanaphonya masiku amenewo, dokotala akanapita, ndipo apongozi akanakhala mumdima mwina mpaka kumanda. Iwonso anali asanakwerepo galimoto chibadwire, ndipo ankaiopa. Esinati anawanyengerera mpaka anavomera. Tinapangana kunyamuka Lolemba.

Loweruka m'mawa ndinapita ndi chigubu changa cha madzi, ndikuyimba mluzu. Nditasuzumira m'radiyeta, mluzu unathera m'kamwa. Pamwamba pa madzi panali zinthu zonona, zofiirira, ngati chiponde chosungunuka. Ndinapisamo chala. Chinatuluka chikuterera. Mafuta.

Ngakhale ine, amene umakaniko wanga unali wa waya ndi pemphero, ndinkadziwa kuti m'galimoto madzi ali ndi njira yawo, oyilo ali ndi njira yake, ndipo ziwirizi zimakhala ngati mkamwini ndi apongozi: nyumba imodzi koma osakumana. Zikakumana, ndiye kuti pena pake paboola.

Mwayi wake, a Sakala, makaniko wa pa kampu ya alendo ku Chinzombo, anali pa kampu ya masikauti pafupi ndi kwathu, akukonza mpope. Anali mnzanga wa pa bawo, munthu wa manja abwino ndi mtima wa nkhandwe pang'ono, ngati ine ndemwe. Chiyambire ankaisirira Chipembere. Ndinawatenga pa njinga.

Anatsegula boneti, napisa chala m'radiyeta, nachiyang'ana, napukusa mutu ngati afika pamaliro.

"Pepani, a Onjezani. Gasiketi yapsa."

"Gasiketi n'chiyaninso?"

"Kachikopa kopyapyala kamene kamakhala pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake. Ndiko kamalekanitsa madzi ndi oyilo. Inu mwakhala mukuiwiritsa galimotoyi ngati chinangwa, ndiye kapsa. Mwinanso mutu weniweniwo wang'aluka."

"Ndiye tichita bwanji? Lolemba ndinyamula apongozi."

"Lolemba la chaka chiti? Gasiketi yotere mpaka ichokere ku Lusaka. Ikamafika kuno, chimanga chili m'nkhokwe."

Ndinakhala pa muzu wa mvunguti. Pa khonde paja apongozi ankaluka mphasa yawo, atafulatira monga mwa mwambo, ndipo pambali pawo panali kamtolo ka zovala kamene anali atamanga kale.

A Sakala anazungulira galimoto, akuimenya matayala ndi phazi. Kenako anasolola kachitsulo koyezera oyilo, nakayang'ana, nakapukuta msangamsanga pa thalauzi, nakabwezera, n'kuyamba kukamba za mitambo.

"Koma poti ndinu mnzanga," anatero, "chitsulo chakufachi ndikhoza kukuchotserani. Ndikupatsani njinga yanga yatsopano ija ndi wailesi. Amayiwo mukawakweze pa keliyala."

Ndinatsala pang'ono kutambasula dzanja. Koma pakamwa panga panazolowera zake. Ndisanaganize n'komwe ndinamva ndikunena kuti, "Onjezani pang'ono."

"Chabwino, ndi nyali ya palafini yomwe."

Apo ndinadzuka. Za injini sindinkadziwa, koma za anthu ogula ndinkazidziwa. Wogula chinthu chakufa saonjeza, amachita kutembenuka ngati akupita kuti umuitane. Ndipo kachitsulo kaja anakapukutiranji mothamanga chonchija, ngati mwana wobisa dzanja la shuga?

"A Sakala, tasololaninso kachitsulo kaja. Ulendo uno tikaonere limodzi."

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira boneti.

"Aa, ndimayesa dzuwali lakufooketsani! Munthu asayeseko mwayi?"

"Mwayi pa maso a apongozi anga?"

Kuseka kunatha. Anayang'ana ku khonde kuja, naona kamtolo ka zovala, navula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Ndimayesa mukungokometsa nkhani, monga mumachitira pamsika. Bweretsani sipanala."

Tsopano tcherani khutu, makamaka iwe Dalitso amene ukulota zogula takisi. Zimene tinachita tsiku limenelo n'zimene uyenera kuchita usanalole munthu kung'amba injini yako.

Tinayamba ndi kachitsulo kaja. Oyilo anali wakuda bwinobwino, wosasakanikira, ndipo anali pa mzere wake, sanatsike. "Gasiketi ikapsa," anatero a Sakala, "kawirikawiri madzi nawo amalowa kwa oyilo, n'kumusandutsa ngati tiyi wamkaka. Ndipo oyilo amene ali m'radiyetamu akanachokera muno, muno mukanachepa." Anatsegula chivundikiro chothirira oyilo n'kuchitembenuza. Kunsi kwake kunali kouma, kopanda zoyera zonona.

Kenako ndinapukusa handulo. Inu mumangopotoza kiyi. Ife tinkalowetsa chitsulo kumphuno kwa galimoto n'kupukusa ndi mphamvu, ndipo ikakwiya inkabweza mpaka kukuthyola chala. Italira, tinasiya radiyeta yosavundikira, tonse awiri mitu pamodzi, tikuyang'ana m'kamwa mwake. A Sakala anati ngati gasiketi yaboola, mpweya wa m'injini uzituluka m'madzimo ngati thovu la munthu wopuma pansi pa mtsinje. Tinadikira. Madzi ankangoyenda phee, mafuta aja akuzungulira pamwamba. A Sakala anapita kumbuyo, naika dzanja pa ekizozi, nalinunkhiza. Utsi unali wa masiku onse, wosayera, dzanja losanyowa. Tinazimitsa, iwo n'kumasula mapulagi onse oyatsa moto mu injini n'kuwandandalika pa chiguduli. Onse anali ofanana, akuda pang'ono. Anati pulagi imene madzi akuifikira imayera ngati yatsukidwa. Pomaliza anafinya mapaipi a rabala opita ku radiyeta. Anali olimba, osafufuma.

Anapukuta manja, nandiyang'ana.

"Injini yanu ilibe mlandu. Mafutawa sanachokere m'kati. Alowera pakamwa."

"Ndani angathire mafuta m'radiyeta yanga?"

"Mudzifunse nokha. Sikauti uja munam'gulitsa ambulera ali kuti masiku ano?"

Ndinayamba kuwerenga adani anga m'mutu, ndipo ndinaona kuti mndandanda wake ukhoza kufika madzulo. Ndinanunkhiza chigubu changa cha madzi, mwina chinali cha oyilo kale. Chinali choyera. Ndinayamba kuganiza za ufiti.

Nthawi yomweyo Esinati anabwera ndi chipanda cha thobwa cha mlendo, Yohane ali kumsana. Radiyeta inali idakali yofunda, kanthunzi kakukwera. Atafika pafupi anaima, natukula mphuno.

"Akuyenga nsatsi ndani kuno?"

Ndinaweramira pa radiyeta n'kukoka mpweya. Kenako ndinanunkhiza mutu wa Yohane. Fungo limodzi.

Esinati anaika chipanda pansi, dzanja pakamwa. Tonse atatu tinatembenukira ku khonde. Apongozi ankaluka mphasa yawo, msana uli chilili, koma manja anali atachepetsa liwiro.

Apa ndiye panali ntchito. Makaniko akhoza kukuuza kuti mafuta alowera pakamwa, koma sangakuuze mmene mkamwini angafunsire apongozi ake kuti, kodi ndinu mwathira? Ndinapita kukakhala kuseri kwa nkhokwe, nkhope kuthengo. Esinati anakhala pakati. Apongozi anali pa khonde, kutalika kwake ngati apa ndi pamene pakhala Misozipo. Aliyense ankamva mnzake bwinobwino, koma mawu ankayenera kudzera pa pantuni.

"Uwauze amayi kuti ndikupereka moni, ndipo ndikufunsa ngati anamva munthu akuyenda pafupi ndi galimoto."

Esinati anabwereza. Apongozi anayankha m'Chikunda, ine ndikutembenuzirani kuti musandiseke.

"Umuuze kuti munthu amene anayenda ndine."

"Uwafunse amayi, mwaulemu, kuti anakaonako chiyani."

"Umuuze kuti kuona sindiona, koma kumva ndimamva. Chinyama chakecho chakhala chikulira m'mimba chibwerere. Madzulo alionse gudugudu, gudugudu, thupi lili juu. Mwini wake amangochipatsa madzi. Mwana akadzimbidwa amam'patsa madzi? Ine ndikwere chinthu chodwala, chikandifere pa phiri? Ndinapapasa, ndinapeza pakamwa pali pululu, ndinachimwetsa."

A Sakala anathawira kuseri kwa galimoto. Ndinkangoona mapewa awo akugwedezeka.

"Uwafunse kuti anachimwetsa wochuluka bwanji."

"Umuuze kuti theka la nsupa. Chinyamacho n'chachikulu. Theka linalo ndichimwetsa m'mawa wa ulendo."

Ana inu, ndachitapo malonda ndi Amwenye a ku Chipata, ndi asodzi a pa Luangwa, ndi azungu osakitsa nyama. Koma tsiku limenelo thukuta linandituluka. Ndikanati alakwitsa, ndiye kuti ndanyoza apongozi pamaso pa mlendo, ndipo akanamasula kamtolo kawo osakweranso. Ndikanangovomera, theka la nsupa likanalowa m'radiyeta, mafuta n'kumata timabowo tija, injini n'kuwira pakati pa phiri, gasiketi ija n'kupsa zenizeni.

"Uwauze amayi kuti ndathokoza kwambiri. Mankhwala awo ndi amphamvu. Atipatse lero ndi mawa tione ngati agwira."

"Umuuze kuti akagwira ndimva ndekha."

Tinayamba kutsuka. Injini itazizira, a Sakala anatsegula kampopi ka pansi pa radiyeta, namasulanso paipi ya m'munsi. Zimene zinatuluka, Mulungu ndiye adziwa. Mafuta, dzimbiri, matope a madambo onse a kuchigwa kuno, ngakhale kachigoba ka nkhono. Zinagwera m'beseni ndi phokoso loti phwaa!

Kuchokera pa khonde tinamva mawu: "Esinati, umuuze kuti chatsegula m'mimba."

"Uwauze amayi kuti chatsegula kwambiri."

Ndinapala sopo wamtanda wa malonda anga ndi mpeni, mtima ukuwawa, n'kumusungunula m'madzi otentha. A Sakala anachotsa kavalavu kamene kamatsekereza madzi injini ikakhala yozizira, kuti sopo ayende paliponse. Tinathira, kupukusa handulo, kuisiya ilire mpaka itenthe, kuzimitsa, kudikira izizire, kukhetsa. Kudikirako musakuiwale. Chitsulo chotentha ukachithira madzi ozizira chimang'aluka ngati mbiya, ndipo chivundikiro cha radiyeta yowira chimasenda nkhope. Tinabwereza mobwerezabwereza, Loweruka lonse, ndi Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Ulendo wina sopo ndinachulutsa, Chipembere n'kuchita thovu kukamwa ngati wagwa khunyu, mudzi wonse kubwera kudzaonerera.

Madzi otsukuluzira sanalinso a m'chithaphwi. Amayi a pamudzi anatunga a pachitsime, tikusefa ndi chitenje cha Esinati, chimene amandikumbutsa mpaka lero. Zonyansazo tinkakataya m'dzenje kutali ndi chitsime, kuopa mbuzi. Kunja kwa radiyeta nako kunali kutadzaza njere za udzu ndi agulugufe ouma. Tinazichotsa ndi nthenga ya nkhanga ndi pampu ya njinga. Lamulungu madzulo madzi anayamba kutuluka oyera, opanda diso la mafuta ngakhale limodzi. Tinabwezera kavalavu, kumanga mapaipi, kudzaza madzi abwino, ndipo ndinaithamangitsa mpaka ku kampu ya masikauti kukatula a Sakala. Ndinawapatsa tambala. Anamuyeza m'manja, nandiyang'ana m'maso, n'kunena kuti, "Onjezani pang'ono." Anapita ndi thadzi lomwe.

Nditabwerera ndinaiimika pansi pa mvunguti n'kuzimitsa. Zii. Kwa nthawi yoyamba chiigulire, m'mimba mwa Chipembere munali bata. Matope amene ankaiwiritsa anali atapita limodzi ndi mafuta a apongozi.

Koma theka la nsupa linali likadalipo. Lolemba kusanatenthe tinakhalanso m'malo athu, ine kuseri kwa nkhokwe.

"Uwauze amayi kuti wodwala wachira, amva okha. Wochira sapatsidwanso mankhwala."

"Umuuze kuti mankhwala osamaliza amadzutsa nthenda."

"Uwauze kuti tikhoza kuidzoza kunja, pamphumi ndi miyendo yonse inayi."

"Umuuze kuti kudzoza ndidzoza. Koma chikombe chimodzi n'cha kumwa, ndinachiyeza kale. Sichibwerera m'nsupa."

"Uwafunse kuti nanga amwe ndani, poti galimoto yakhuta?"

"Umuuze kuti nyumba zathu n'zamabango. Si galimoto yokha imene ndimaimva ikulira m'mimba."

Esinati sanathe kubwereza mawuwo. Anangogwa chammbali ndi kuseka, Yohane n'kudzidzimuka. Ine ndinayang'ana kumapiri. Mitambo inali yakuda bii, ndipo kamphepo kankanunkha dothi lonyowa. Nthawi yotsatsana inali itatha. Ndinatambasula dzanja kuseri kwa nkhokwe, chikombe chinabwera, ndinatsinzina.

Musandifunse kukoma kwake.

Apongozi anadzoza boneti ndi matayala, akuyankhula nayo galimotoyo motsitsa ngati mwana. Anakwera kumbuyo pa mphasa, atafulatira woyendetsa, Esinati atawagwira dzanja. Tinadutsa m'makande muli ming'alu yolowa phazi, tinawoloka mitsinje ya mchenga wokhawokha, tinaima pa geti pamene ankapopera magalimoto mankhwala ophera kashembe, ntchentche zija zopha ng'ombe. Munthu wa pagetipo anapopera pansi pa galimoto, nafuna kupoperanso kumbuyo, apongozi n'kumufunsa kuti ndi mwana wa yani. Anasiya.

Ulendo wonsewo Chipembere sinaime ngakhale kamodzi mwa kufuna kwake. Inakwera phiri lija ikung'ung'udza ngati ya bwanamkubwa. Amene ankaimitsa ulendo ndinali ine. Ndinaidziwa mitengo yambiri ya m'njira imeneyo, ina njati zikundiyang'ana chapafupi, ndipo nthawi iliyonse ndikabwerera ndinkamva kumbuyo kuja mawu okhutira: "Umuuze kuti agwira."

Madontho oyamba anagwa pa galasi titamaliza phiri. Titalowa pa chipatala, kumbuyo kwathu kuchigwa kunali mdima wa mvula, mphezi zikung'anima. Dokotala anali asanapite.

Anayamba ndi diso limodzi. Apongozi anagona masiku angapo atamangidwa nsalu kumaso, osaloledwa kutembenuka, Esinati akugona pansi pambali pa bedi, ine ndikugona m'galimoto. Tsiku lomasula, ine monga mkamwini ndinaima kunja, koma mtima unandikoka mpaka ndinafika pa khomo la wodi, chipewa m'manja, ndikuganiza kuti palibe andione.

Namwino anamasula nsalu, nawaveka magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Apongozi anaphethira. Anayang'ana manja awo, kuseri ndi kuno. Anayang'ana Esinati nthawi yaitali. Kenako Esinati anamasula Yohane n'kumuika pa miyendo pawo. Anam'gwira masaya, nam'tembenuza uku ndi uku, misozi ikudutsa pansi pa magalasi, namwino akuwachonderera kuti asalire chifukwa diso likadali laliwisi.

Atatukula mutu, magalasi aja analoza pa khomo.

"Esinati, kamunthu kaima apoko, kakafupi, ka makutu ngati mbale, kakufuna chiyani?"

"Amayi, ndi bambo a Yohane."

Mwambo unkati ine ndithawe, iwo afulatire. Koma ine sindinasunthe, ndipo iwonso sanafulumire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala za kumapazi, n'kubwereranso, mmene ine ndinkayang'anira mbuzi pamsika. Atakhutira anakoka chitenje n'kuphimba nkhope, natembenukira kukhoma. Chitenjecho chinkagwedezeka.

"Umuuze kuti ndathokoza, ndipo ndamuona," anatero. Kenako anayankhula kwa Esinati motsitsa mawu, koma osati kwambiri moti ine ndisamve. "Ine ndinali ndi ng'ala, mwana wanga. Nanga iwe?"